Yofiira ya mipando iwiri

Ku Mzuzu ndinapita kukaitanitsa galimoto yoyera, ya mipando isanu ndi iwiri, yotalika miyendo kuti isamagunde pansi. Zonsezi zinali papepala lomwe amuna anga anandilembera, mzere uliwonse ndi nambala yake, ngati mayeso a folomu folo. Pepalalo sindinalitaye, ndipo m'minibasi ndinaliwerenga kawiri. Koma madzulo a tsiku lomwelo, Lachisanu, ndinafika pa Njakwa, polowera ku Rumphi, ndikuyendetsa galimoto yofiira psuu, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yaifupi moti mwana wa sitandade wanu akhoza kuyang'ana pamwamba pa denga lake.

Ine ndine wa ku Dowa. Ku Rumphi ndinabwera ndili mtsikana kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinakwatiwa konkuno, ndipo ntchitoyo ndinaigwira pafupifupi zaka makumi atatu. Kuyendetsa ndinaphunzirira pa kachipatala kakumudzi komwe ndinayambira. Dalaivala wa ambulansi ankakhala kutali, pomwe ana obadwa sadikira kuti munthu apalase njinga kuchokera kwawo. Mdalayo anandiphunzitsa pabwalo la mpira, kenako ndinatenga layisensi. Kumeneko n'komwe ndinadziwira chinthu chomwe mayi wa chigwirizano cha amayi sanena pagulu: ndimakonda liwiro. Ndimalikonda kwambiri.

Amuna anga ndi mphunzitsi wa masamu komanso mkulu wa mpingo, munthu wabwino, koma chiwongolero chinawakana. Mayeso oyendetsa analephera katatu. Ulendo wachitatu anabwerera m'mbuyo n'kugwetsa migolo yonse, ndipo atafika kunyumba ananena kuti magiya satsata dongosolo lililonse lomveka. Kuyambira pamenepo dalaivala wa banja lathu, galimoto tisanakhale nayo n'komwe, ndinali ine.

Ndalama zanga zopumira pantchito zitatuluka, panalibe wokangana kuti zigule chiyani. Apongozi anga aamuna, omwe tonse timawatchula kuti adada, ali ndi matenda a shuga ndipo mwezi uliwonse amakaonana ndi dokotala ku Mzuzu. Anaphunzitsa zaka zambiri ku Nchenachena, koma maondo atayamba kukana zitunda za kumeneko, apongozi aakazi atamwalira, tinawamangira kanyumba kuseri kwa yathu pafupi ndi msewu wa tala. Ulendo wa minibasi unkawazunza. Anthu anayi pampando wa atatu, thumba la ufa pamiyendo, kuima paliponse. Ankabwerako mapazi atatupa, nsapato zili m'manja.

Nanga mipando isanu ndi iwiri inali ya chiyani, poti ana athu onse anachoka pakhomo? Inali ya mtunda. Kuno mkazi wa mwana wako amatchedwa mkamwana, ndipo mkamwana sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo maso ndi maso. Mabanja ambiri anazifewetsa kalekale, koma lathu ayi. Zaka makumi awiri ndi zinayi adada anali asanandilankhulepo mwachindunji. Ndikawapititsira tiyi ndinkagwada pakhomo, kuika thireyi pansi, wina n'kuipitiriza. Akafuna kundiuza kanthu ankauza munthu wina, ine ndili pomwepo.

"Muwauze amkamwana kuti tiyi wakoma."

"Muwauze adada kuti yewo, ndathokoza."

Tsiku lina pakhomo panalibe munthu, ndiye anayang'ana tambala n'kumuuza kuti mvula ikubwera ndipo zovala zili panja. Ndinakaanula zovalazo ndikuseka ndekha. Koma sizinali zoseketsa nthawi zonse. Poyeza shuga wawo, ine namwino ndinkaima pakhomo kulangiza mphunzitsi wa masamu pobaya chala, iye akunjenjemera, mdala akupirira kubayidwa kawiri katatu. Zimenezo zinkandipweteka mumtima. Chonchotu m'galimoto yaikulu ija dongosolo linali lakuti ine kutsogolo, amuna anga pakati, adada kumbuyo kwenikweni, mawu n'kumadutsa pakati monga mwa masiku onse.

Mwini malo ogulitsira magalimoto omwe ndinapitako ku Mzuzu anali bambo wina wa ku Karonga, wamimba pang'ono, wolankhula osapuma. Anandipatsa mpando, anawerenga pepala la amuna anga, n'kundionetsa zithunzi pa kompyuta. Yoyera ija inalipo, yokongola ngati firiji. Atatchula mtengo ndinachita zomwe munthu aliyense wolera ana amachita.

"Ndiye mundichotsera zingati?"

Anaseka mpaka mpando unalira.

"Amama, yoitanitsa ilibe kunenerera. Mwasankha nokha mtundu, mwasankha nokha mipando, ine ndingotumiza uthenga kutsidya kwa nyanja. Ikwera sitima, itsika ku Dar es Salaam, ibwera pamsewu mpaka pa malire a Songwe, tilipira msonkho. Miyezi iwiri, kapena itatu. Ndikuchotsereni chifukwa chiyani, poti galimotoyo ili kale ndi mwiniwake isananyamuke? Siindisowetsa tulo. Ndipo kwacha ikagwa iyo ili panyanja, musadzandiyang'ane ine."

"Nanga izi zadzaza pabwalozi?"

"Izi ndi nkhani ina. Izi zimandidya. Lendi ya malo, mlonda, dzuwa likuwononga penti, matayala akuphwa okha. Ikakhala mwezi umodzi ndimaimwetulira. Ikakhala chaka ndimaitukwana m'mawa uliwonse."

Anati tiyendepo ndione, mwina pali ya mipando yambiri yomwe ingandikomere. Panalibe. Koma pakona, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali chinthu chofundidwa lona, mphuno yokha yofiira ikuonekera. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Bamboyo anapumira m'mwamba, n'kukoka lonayo.

Ndinangoti kakasi. Ndaonapo ana obadwa osawerengeka, ndipo ndimadziwa mmene mtima umachitira ukaona chinthu chokongola usanakonzeke. Inali yogwada, yotambalala m'chiuno, nyali zake zopendekera, mipando yakuda yosokedwa ndi ulusi wofiira. Masamba ouma anali atadzaza pa galasi, koma ngakhale choncho inkaoneka ngati ikuthamanga ili chiimire.

"Iyi ndi sipotsi, amama," anatero. "Ya anthu othamanga. Anaiitanitsa mkulu wina wogula fodya. Anasankha chilichonse yekha, mtundu, ulusi umenewu, ndipo sindinamuchotsere ngakhale tambala. Analipirako pang'ono, fodya n'kuvuta chaka chimenecho, munthu n'kuzimitsa foni. Mvula yagwa kawiri iyi ili pompano. Aliyense wobwera amakhalamo, kudzijambula, kenako amafunsa kuti matumba a chimanga aika pati, nanga kukagwa maliro anyamula bwanji anthu. N'kumapita."

Ine sindinafunse za chimanga. Ndinafunsa makiyi.

Batire inali itafa, anachita kubwereka ya galimoto ina. Koma itadzuka, mayo ine! Injini inabangula pansi pamtima, mpando n'kumanjenjemera, mbalame zonse za mumtengo uja n'kubalalika. Tinatuluka nayo pamsewu wopita ku Ekwendeni, bamboyo ali pambali panga. Ndinangoponda pang'ono, msana wanga n'kumatirira kumpando. Pokhota sinkapendama, inkangotsata kumene maso anga ayang'ana. Ndinamva ndikuseka mokweza ngati mtsikana, ndipo mnzanga uja anali atagwira chitseko ndi manja awiri.

"Amama, munati munali namwino?"

"Wa ambulansi," ndinatero.

Pobwerera ndinali nditadziwa kale zinthu ziwiri: kuti ndikuifuna, ndiponso kuti iye akufuna ichoke kuposa mmene ine ndikuifunira. Amene anagulapo tomato pamsika dzuwa litapendeka amadziwa nkhope ya wogulitsa amene sakufuna kubwerera ndi dengu. Ndinabisa mano, n'kuyamba kuinyoza. Ndinati matayala auma, penti yapsa padenga, galimoto yotere pa Rumphi ingakodwe pa chitunda choyamba. Anatchula mtengo, ndinanyamula chikwama. Anatsitsa, ndinafika pageti. Ananditsatira akulumbira kuti ana ake agona ndi njala, ine ndinati anga anagonapo kale ndipo anakula. Tinabwerera, tinakhala, tinamwa fanta, ndinanyamukanso. Pomaliza mtengo unafika pansi pa wa yoyera ija, pansi kwambiri, ndipo anawonjezera batire yatsopano ndi mafuta odzaza thanki. Mapepala ake anali okonzeka kalekale. Palibe sitima, palibe miyezi itatu, ndinkangoyenera kusaina n'kutenga.

Ndikusaina, bamboyo anayang'ana mphete ya pachala changa, kenako pepala la amuna anga lomwe linali likadali patebulo.

"Ndikudziwa mabanja, amama. Kunyumba kukavuta, muibweze pasanathe sabata, Lachisanu likubwerali, yopanda chilema. Tidzaitanitsa yoyera ija pa mtengo wake wonse. Likadutsa Lachisanu, sindikudziwaninso."

Ndinamuseka. Ndinati kunyumba kwanga kulibe chovuta.

Ulendo wobwerera uja sindidzauiwala. Ndinatsitsa magalasi onse, duku langa linauluka tisanafike pa Enukweni ndipo sindinaime kulitola. Ndinaimba nyimbo zonse za m'buku la mapemphero zomwe ndimazidziwa, zina kawiri. Ana a sukulu ankathamangira kumsewu akukuwa, amayi osenza nkhuni ankatembenuka ndi mitolo yawo yomwe. Maenje ndinkawazemba ngati ndikuvina. Pa Bwengu ndinakhota kulowera kwathu, ndipo pofika pamene msewu umapanikizika pakati pa mapiri, mtsinje wa Rukuru ukuwinduka m'munsi, kulira kwa injini kunagunda m'matanthwe n'kubwerera kwa ine kawiri. Ndinabweza giya dala kuti ndimvenso. Zaka zonse zija ndinathamangitsa galimoto chifukwa wina akufa kumbuyo. Tsiku limenelo ndinkathamanga chifukwa ndinali wokondwa basi.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akuchonga makope. Anaimirira, cholembera chofiira chili m'manja, anazungulira galimoto yonse, anatsegula chitseko, anasuzumira kuseri kwa mipando, anatsegulanso buti.

"Ina isanu ili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za mtengo, za lendi ya malo, za mkulu wa fodya, za ndalama zomwe zatsala. Ndinkalankhula mothamanga ngati galimoto yomweyo. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Chabwino. Adada akhala pati?"

Ndinatambasula dzanja monyadira kuloza mpando wa pambali panga, wofewa, wogonekeka, woti mapazi otupa atambasuke bwino. Dzanjalo linaima m'malere. Pakati pa mpando umenewo ndi wanga panali giya yokha. Phewa lawo likanagundana ndi langa, ndipo munthu wonyamula mawu analibe pokhala.

Ndinene zoona, chifukwa pa msinkhu wanga kunama n'kutaya nthawi. Kuyambira pamene lona ija inachotsedwa mpaka nthawi imeneyo, adada sanabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo manyazi anga amatuluka ngati ukali. Ndinati ndalama ndi zanga, ndinazigwirira ndi manja awa, m'magazi ndi m'masanzi, ndipo kamodzi kokha m'moyo ndagula chinthu chifukwa chandisangalatsa. Amuna anga sakweza mawu, n'chifukwa chake kukangana nawo kumatopetsa.

"Ndalama ndi zanu, inde," anatero. "Koma Lachinayi ndi tsiku la adada ku chipatala."

Sabata imeneyo pakhomo pathu panasanduka pamsika. Anthu ankabwera kudzaona, ena kudzagwira, ena kudzandimvera chisoni. Alamu anga aakazi, achemwali awo a amuna anga, anachoka ku Hewe pa njinga yamoto atangomva. Anaiyang'ana nthawi yaitali manja ali m'chiuno.

"Njakutowa chomene, mlamu, ndi yokongola ndithu. Koma mwagula ya chibwenzi, osati ya banja."

Iwowa ndi amene anabwera ndi nzeru ya chitenje. Anati timange chingwe kuchokera pa galasi loonera kumbuyo mpaka kuseri, tipachike chitenje pakati pa mipando, adada asandione, ine ndisawaone. Tinayesadi. Alamu anakhala mbali inayo kuyerekeza adada, ine n'kuliza injini. Chitenje chinakulunga giya, galasi la kumanzere silinkaoneka, ndipo nditatsegula zenera mphepo inachiponya kumaso kwanga tisanatuluke n'pageti pomwe. Tinaseka mpaka misozi, koma titatha kuseka vuto linali pomwepo. Amuna anga anati tizilemba dalaivala tsiku la chipatala. Ndinati galimoto yanga siyendetsedwa ndi munthu wina ine nditakhala pakhonde ngati mlendo, bola ndiibweze.

Adada anadikira mpaka Lamulungu. Titabwera ku tchalitchi anatuluka m'kanyumba kawo, akadali mu jekete ndi tayi, n'kuizungulira pang'onopang'ono. Anagogoda tayala ndi ndodo. Anawerama n'kuyang'ana mawotchi a kutsogolo kwa chiwongolero nthawi yaitali. Ine ndinali nditagwada patali, pafupi ndi thandala la mbale.

"Uwafunse amkamwana," anauza mwana wawo, "kuti chinthu chokongola chonchi chinatsika mtengo chifukwa chiyani."

Ndinafotokozera amuna anga, iwo n'kumabwereza mawu omwe adada anali atawamva kale: kuti yoitanitsa satsitsa chifukwa ili ndi mwiniwake, kuti iyi inakhala pabwalo mvula ziwiri ikudya lendi, kuti ndinafika pageti kawiri. Adada anagwedeza mutu.

"Uwauze kuti ananenerera makora, bwino ndithu."

N'kubwerera m'nyumba. Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kuyamikira kapena kutsanzika galimotoyo mwaulemu.

Lachitatu madzulo, ndikuphika, ndinaona adada atakhala pampando wawo akuyesa nsapato za ulendo, kuvala, kuvula, kumasula zingwe kuti mawa mapazi akatupa zisadzawafinye. Palibe anandikakamiza. Ndinapita kwa amuna anga n'kuwauza kuti mawa iwo ndi adada akwere minibasi monga kale, ine ndikabweza yofiira n'kuitanitsa yoyera. Miyezi itatu si zaka. Anandigwira dzanja, ine ndinalichotsa, chifukwa ndinkafuna kulira ndipo sindinkafuna andione.

M'mawa wa Lachinayi ndinaitsuka ndekha, mpaka m'matayala. Amuna anga ndi adada anatsikira kumsewu, ine ndinatulutsa galimoto n'kuiimika pambali, patali pang'ono, kudikira kuti akwere kaye. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza, kondakitala akulendewera pakhomo. Yachiwiri inaima, koma malo anali a munthu mmodzi, pamwamba pa injini, ndipo amuna anga anaikana. Yachitatu sinaime n'komwe. Dzuwa linayamba kutentha. Adada anali ataima chilili, atatsamira ndodo, chipewa chili pamutu, ndipo ndinkaona pa galasi mmene ankasinthira mwendo.

Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda kubwera kumene ndinali. Ndinaganiza kuti aiwala kabuku ka kuchipatala kunyumba. Anafika pa chitseko cha kumanzere, n'kuima.

"Tsegula," anauza mwana wawo.

"Adada, muno mulibe..."

"Ndaona kuti mulibe. Ndinaphunzitsa kuwerenga iwe usanabadwe. Tsegula, undithandize kukhala."

Kuwatsitsira pampando uja inali ntchito, chifukwa uli pansi kwambiri. Amuna anga anawagwira m'khwapa, anawalowetsa miyendo umodzi umodzi, anawamanga lamba, n'kuika ndodo pakati pa maondo awo. Ine ndinali nditamatirira kuchitseko changa, maso pa chiwongolero. Ndinkamva fungo la sopo wawo. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti amapuma ndi kamluzu kakang'ono m'mphuno.

"Iwe ubwere pa minibasi," anatero, n'kukoka chitseko okha.

Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. M'mapiri muja injini sinabangule, ndinkaigwira pakamwa. Mpaka pa Bwengu palibe analankhula. Ine maso kutsogolo, iwo maso pazenera lawo, chigongono changa ndikuchibweza msanga ndikasintha giya kuti chisakhudze jekete lawo. Thukuta linkatsika kumsana. Ndinkaganiza kuti mdalayu wangotopa ndi kuima, ndipo tikafika ndikawasiya pachipatala n'kupitiriza kukabweza galimoto monga ndinanenera.

Titalowa msewu waukulu, hutala inalira kumbuyo. Minibasi yakale, yopendama mbali imodzi, matumba ali padenga, inatipitirira ikufuka utsi. Pazenera la kumbuyo panali nkhope ya amuna anga, atapanikizidwa pakati pa amayi awiri, akutibayibitsa ndi zala zokha chifukwa mkono sunkatha kutuluka.

Adada anatsokomola. Ndinawaona m'mbali mwa diso akutembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo, kumene kumakhala munthu wouzidwa, koma kunali chikwama changa chokha. Anayang'ana kutsogolo. Anatsokomolanso.

"Mkamwana."

Ndinatsala pang'ono kulowa m'tchire.

"Adada."

"Kodi munafika pageti kawiri kuti minibasi zizitipitirira?"

Ndinakweza maso. Kutsogolo msewu unali wowongoka, wopanda munthu, wopanda mbuzi, wopanda galimoto yobwera. Ndinabweza giya, n'kuponda.

Inalira ngati yakhala ikudikira mawu amenewo mvula ziwiri zonse zija. Mitengo inasanduka mzere umodzi. Minibasi ija tinaipeza ngati yaima, ndipo ndinangoona kamwa la amuna anga lili yasa, kenako anali kadontho pa galasi. Chipewa cha adada chinagwera kumbuyo. Anagwira ndodo ndi manja awiri, ndipo ndinamva phokoso lomwe ndinali ndisanalimvepo chikwatiwire: ankaseka. Ankaseka mokweza, mutu uli kumbuyo, mano awo ochepa aja ali pamtunda.

"Enya! Enya! Imeneyo ndiye galimoto!"

Nanenso ndinaseka, ndinakuwa, ndinaimba hutala popanda chifukwa. Mphunzitsi wopuma wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu ankamenya ndodo pansi ngati ali pa bwalo la mpira. Titayandikira nyumba za anthu ndinachepetsa, ndipo tonse tinali wefuwefu ngati tathamanga ndi miyendo.

Tinadutsa nyumbazo pang'onopang'ono. Kenako adada analankhulanso, maso ali kutsogolo, mawu ali pansi.

"Amama anu, akazi anga aja, atadwala, miyezi isanu ija, munkawasambitsa ndinu. Munkawatembenuza ndinu kuti asachite zilonda. Tsiku lomaliza munawatseka maso ndinu, ine ndili panja. Ndinatuma mwana wanga kuti akuuzeni yewo. Sindikudziwa ngati anafikitsa bwino, amaiwala uja." Anakonza ndodo pakati pa maondo awo. "Yewo chomene, mwana wane."

Amuna anga anafikitsa uthengawo nthawi imeneyo, sanaiwale. Koma sizinali zofanana, ndipo ndinadziwa tsiku limenelo kuti ndinakhala ndikudikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndimve ndi makutu anga kuchokera pakamwa pawo. Msewu unayamba kusambira m'maso mwanga. Ndinaimika galimoto pambali, ndinagwira chiwongolero, n'kulira ngati mwana. Adada sanandigwire, zimenezo zikanapitirira muyeso. Anatulutsa kampango koyera m'thumba la jekete, kopindidwa bwino, n'kukaika pa giya, pakati pathu.

Titadutsa Ekwendeni anandifunsa za kwathu ku Dowa, ngati mayi anga akadalima mtedza, ndi chifukwa chake singano ya mwana wawo imapweteka kuposa ya kuchipatala. Ndinati ndi chifukwa amabaya pakati pa chala m'malo mwa m'mbali. Anati kuyambira mawa ndiziwabaya ndine.

Polowa mu Mzuzu, malo ogulitsira magalimoto aja ali kudzanja lamanja, msewu wa kuchipatala usanafike. Ndinachepetsa liwiro osadziwa. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali pambalambanda, ndipo bambo wa ku Karonga uja anali pageti. Atationa anagwira m'mutu, n'kuyamba kutsegula geti ndi nkhope ya munthu amene katundu wake wabwerera.

"Ndi pamenepa?" anafunsa adada.

"Ndi pomwepa, adada. Anati ndikafuna kubweza, mawa ndiye tsiku lomaliza."

Adada anatsitsa galasi, anatola chipewa chawo, n'kuchikweza mwaulemu kwa bamboyo monga amachitira kwa abusa.

"Pitirirani, mkamwana, tichedwa kwa dokotala," anatero. Anavala chipewa, n'kuwongola tayi. "Ndipo mwezi wamawa tidzanyamuke mochedwerako pang'ono, kuti tidzakhale ndi chifukwa chothamangira."